Kodi ndi zoona kuti ndege zoyamba zinkauluka ndi injini za anthu opanga njinga zamoto?

Sipanala14
Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo pagalaja pathu tinakangana mpaka dzuwa kulowa. Mwana wanga wa Fomu 2 anabwera kudzandipatsira nsima, napeza ndamasula injini ya njinga ya kabaza, pisitoni ili pansanza. Akuti aphunzitsi awo anena kuti ndege yoyamba kuwoloka nyanja kuchoka ku France kupita ku England inali ndi injini yopangidwa ndi munthu wa njinga zamoto. Anzanga onse anaseka. Ine sindinaseke, komanso sindinakhulupirire. Zaka 16 ndikugwira injini zimenezi, ndikudziwa mmene zimatenthera munthu akakwera nazo chitunda atanyamula matumba awiri a chimanga. Ndiye kumwamba? Pamwamba pa madzi? Amene mukuidziwa mbiriyi fotokozani bwino, ndikufuna ndikamuyankhe zoona mwanayu.

Kadzidzi
Ndege yoyamba ndi ya abale a Wright, ndipo iwo ankapanga njinga zakapalasa. Aphunzitsiwo asokoneza.

Mphunzitsi_Wopuma
A Kadzidzi, aphunzitsiwo sanasokoneze. Mwaphatikiza nkhani ziwiri. Abale a Wright anauluka pa 17 Disembala 1903 ku America, ulendo woyambawo unali wa masekondi 12, ndipo injini yawo anawapangira ndi makaniko wa pashopu yawo, Charlie Taylor. Zimene mwanayo akunena ndi za pa 25 Julayi 1909, pamene Louis Blériot ananyamuka pafupi ndi Calais mbandakucha nakatera pafupi ndi Dover. Mtunda wa makilomita oposa 30, pamwamba pa madzi, mphindi 36 ndi theka, wopanda ngakhale kampasi. Injini ya ndege imeneyo anaipanga Alessandro Anzani, munthu wa ku Italy amene anasamukira ku France. Iyeyu anayamba ndi kupalasa njinga pamipikisano, kenako kuthamangitsa njinga zamoto, kenako kupanga injini zake. Mwana wanu wanena zoona, a Sipanala. Mukamuuze kuti anzanu aja anaseka molakwa.

Sipanala14
Zikomo madala. Koma injiniyo inali yotani? Anangoichotsa panjinga n'kuimanga kundege?

Mphunzitsi_Wopuma
Ayi, inali yaikulu kuposa ya panjinga, koma kapangidwe kake kanachokera komweko. Inu mumazidziwa injini za masilinda awiri oima ngati chilembo V. Anzani anawonjezera lachitatu pakati, atatu onsewo kuyang'ana m'mwamba ngati zala zitatu zotambasula. Kukula kwake kunali koposa malita 3, mphamvu pafupifupi 25 hp, kutanthauza mphamvu za akavalo 25. Yozizira ndi mphepo, yopanda madzi, yopanda rediyeta. Chimene anaikira masilinda onse m'mwamba n'chakuti oyilo asatsikire kumapulagi n'kuwanyowetsa. Valavu yolowetsa petulo inalibe chokankha, inkatseguka yokha pisitoni ikamakoka mpweya, kasipuling'i kofewa n'kuibweza. Ndipo m'munsi mwa silinda iliyonse munali mabowo otulutsira utsi wina pisitoni ikafika pansi, kuti moto usachuluke kumutu.

Sipanala14
Mabowo m'silinda? Ndiye kuti oyilo ankatulukiranso pomwepo!

Mphunzitsi_Wopuma
Mwaona nokha. Ankatuluka ndithu, ndipo woyendetsa ankakhala kumbuyo kwa injiniyo.

NamwinoKuLuton
Ine ndinaionapo ndi maso ndege yamtundu umenewu ikuyaka. Kuno ku England, ku Old Warden m'dera la Bedfordshire, kuli malo osungirako ndege zakale otchedwa Shuttleworth Collection, ndipo ali ndi Blériot XI ya 1909 yokhala ndi injini ya Anzani. Ndinapitako ndi ana tsiku la chionetsero. Ndege zakalekalezo amazitulutsa madzulo mphepo ikadekha. Munthu anagwira pulopela yamtengo ndi manja n'kuikoka, ena atagwira ndegeyo kumchira. Itayaka, phokoso lake silinali losalala ngati la ndege zimene timazidziwa. Limadumphadumpha, pha pha pha, ndipo ndege yonse imanjenjemera, nsalu ya m'mapiko ikugwedera. Matayala ake ndi a masipoko ngati a njinga. Inathamanga pakapinga, inanyamuka pang'ono, inauluka molunjika n'kuteranso, poti saiulutsanso kutali. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za munthu amene anayang'ana nyanja ali pachinthu chimenechi n'kunena kuti ndikupita. Misozi inalengeza, kunena zoona.

Kabaza_wa_25
Anthu amenewo analibe abale owaletsa?

Nkhwazi77
Mphoto ya woyamba kuwoloka nyanjayo pandege inali mapaundi 1,000 ochokera ku nyuzipepala ya Daily Mail, ndipo Blériot anali atathira chuma chake chambiri m'ndege zimene zinkangogwa. Anapita ndi phazi lopsa, akuyendera ndodo. Sanali kusewera.

Koma ine ndikufuna ndikutengereni ku America, chifukwa kumeneko nkhaniyi ikuoneka bwino kwambiri. Glenn Curtiss wa m'tauni yaing'ono ya Hammondsport, m'chigawo cha New York, anali ndi shopu ya njinga zakapalasa, ndipo cha m'ma 1902 anayamba kupanga njinga zamoto. Kabuleta yake yoyamba anaipanga ndi chitini cha tomato. Iye za ndege analibe nazo chidwi poyamba. Amene anamupeza ndi Thomas Baldwin, munthu wa zibaluni, amene ankasowa injini yopepuka yoti ikankhe chibaluni chake chachitali. Anagula injini ya masilinda awiri ya njinga ya Curtiss, naimanga pa California Arrow, ndipo mu 1904 chinauluka ku Oakland n'kubwerera pamalo pamene chinanyamukira. Kuchokera apo anthu a zouluka anayamba kugogoda pakhomo la Curtiss. Anawapangira injini ya masilinda 8, ya 40 hp. Pofuna kuiyesa anaimanga panjinga yamoto yaitali, ndipo mu Januwale 1907 pamchenga wa Ormond Beach ku Florida anathamanga makilomita 219 pa ola. Njinga imeneyo ilipo mpaka lero ku Smithsonian, malo osungirako zinthu zakale ku America.

Kabaza_wa_25
219 mu 1907? Pamchenga? Ine ndikafika 80 patala chiwongolero chimayamba kundilankhula.

WakuChipata
Mwaiwala BMW. Amenewo ndiwo akatswiri a njinga zamoto amene anapanga injini za ndege.

Nkhwazi77
A WakuChipata, a BMW anayenda mobwerera. Iwo anayamba ndi injini za ndege pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pangano la Versailles la 1919 litaletsa Germany kupanga zimenezo, anasaka china chochita, ndipo njinga yawo yoyamba, R32, inatuluka mu 1923, yokonzedwa ndi Max Friz, yemwe ankapanga injini za ndege zija. Funso la a Sipanala ndi la anthu amene anachoka kunjinga kupita kundege.

WakuChipata
Chabwino, ndalandira. Koma zikusonyezabe kuti ntchito ziwirizi ndi pachibale.

MayiWaFizikisi
Pachibale ndithu, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: kulemera. Ndimaphunzitsa zimenezi ku sekondale, ndiye ndiloleni nditambasule. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 injini zinalipo kale zambiri, za m'mafakitale, za m'maboti, za galimoto. Vuto la munthu wofuna kuuluka silinali kupeza mphamvu, linali kupeza mphamvu yosadza ndi katundu. Injini ya abale a Wright inkalemera pafupifupi makilogalamu 80 n'kupereka 12 hp. Ya Anzani inali yopepukirapo kuposa pamenepo koma ikupereka kawiri. Wopanga galimoto akawonjezera chitsulo pang'ono salira nazo, matayala anayi anyamula. Wopanga njinga yamoto sangatero, chifukwa felemu ndi yopyapyala ndipo wokwera ayenera kuikankha ndi kuidzutsa ikagwa. Choncho anthu a njinga zamoto anali atazolowera kale kusema chitsulo chilichonse chosafunika, kupanga zipsepse zopyapyala pasilinda, ndi kusiya madzi ndi rediyeta. Komanso ambiri a iwo anali anthu a mipikisano, ozolowera kufinya injini mpaka kumapeto. A zouluka atayang'ana uku ndi uku, anapeza kuti chimene akufuna chili kale m'mashopu a anthu amenewa.

Chigayo_Mchinji
Mayi, kulemera ndamva. Koma nkhawa ya a Sipanala simunaiyankhe. Injini ya mphepo imatentha. Ine pachigayo panga injini imagwira tsiku lonse chifukwa pali thanki yamadzi. Madzi akatha sindidikira mphindi khumi, ndimazimitsa.

MayiWaFizikisi
Mwagunda pamene pali bala, bambo. Njinga pamsewu imapuma. Mumakwera chitunda, kenako mumatsetsereka, mumasintha giya, mumaima pamphambano. Ndege za nthawi imeneyo zinalibe mphamvu yotsala, ndiye injini inkatsegulidwa pafupifupi yonse kuyambira ponyamuka mpaka potera. Zili ngati chitunda chosatha. Mphepo ya pulopela inkathandiza, koma masilinda a kutsogolo ankazizira pamene a kumbuyo akupsa, ndipo zitsulo za nthawiyo sizinkapirira moto ngati za lero. N'chifukwa chake Curtiss yemweyo anasiya mphepo n'kupita kumadzi.

Nkhwazi77
Eya. Curtiss analowa m'gulu la Alexander Graham Bell, uja wa telefoni, lotchedwa Aerial Experiment Association, limene linkayenda ndi ndalama za mkazi wa Bell, Mabel. Ndege zawo zoyamba, Red Wing, White Wing ndi June Bug, zinali ndi injini ya masilinda 8 yozizira ndi mphepo ija. Pa 4 Julayi 1908 June Bug inauluka mtunda woposa kilomita pamaso pa anthu n'kupata chikho cha magazini ya Scientific American. Koma injiniyo inkatentha pakangopita mphindi zochepa. Ndege yawo yotsatira, Silver Dart, imene inanyamuka pamadzi oundana ku Baddeck ku Canada pa 23 Febuluwale 1909, inali ndi injini yamadzi. Ndi injini yamadzinso Curtiss anapita kumpikisano wa ndege ku Reims, ku France, mu Ogasiti 1909 n'kugonjetsa Blériot pa liwiro ndi masekondi ochepa chabe, patangotha mwezi umodzi Blériot atawoloka nyanja.

Kabaza_wa_25
Za chitunda chosatha ndazimva m'thupi. Chaka chatha ndinatenga bambo wina ndi mbuzi yake ndi thumba la fetereza, ulendo wokwera okhaokha. Ndinali nditathira oyilo wogula m'botolo la m'mbali mwa msewu, wotchipa. Tili pakati pa chitunda ndinamva fungo ngati lamba akupsa, mphamvu inatha, kenako gwa, tayala lakumbuyo linakana. Injini inanoka. Nditalavulira malovu pasilinda anauma nthawi yomweyo. Milungu itatu ndili pansi, bwana wa njingayo akundiwerengera masiku. Ine ndinatsika n'kukankha. Blériot akanatsikira pati?

Sipanala14
Oyilo wa m'mabotolo ameneyo watipatsa ntchito yambiri, achimwene. Wina amakhala wakale wongosefa. Mukathira pachala n'kupekesa mumamva timchenga. Gulani wosatsegula, ndipo musadutse nthawi yosinthira.

Chigayo_Mchinji
Ndipo dizilo naye akumusakaniza ndi palafini. Mwezi wathawu ndasinthitsa nozo kawiri.

Kadzidzi
Tabwererani kunkhani. Ine ndikuonabe kuti mukuwapatsa ulemu wopitirira anthu a njingawa. Injini imene inatchuka ku France nthawi imeneyo ndi Antoinette ya Léon Levavasseur, ya masilinda 8, ndipo inayambira m'maboti a mpikisano. Ndiye kunabwera Gnome ya abale a Seguin, imene masilinda ake onse amazungulira limodzi ndi pulopela. Imeneyo ndiyo inathetsa vuto la kutentha popanda madzi, ndipo Blériot yemweyo anayamba kuika Gnome m'ndege zake. A Seguin sanali anthu a njinga.

Mphunzitsi_Wopuma
Za Gnome mwanena zoona ndipo sinditsutsa. Koma poti mwatchula Antoinette, malizani nkhani yake. Hubert Latham anayesa kuwoloka nyanja yomweyo pa 19 Julayi 1909, masiku 6 Blériot asanayese, ali ndi ndege ya Antoinette yokongola, yamphamvu kuposa ya Blériot. Injini inazima, anagwera m'madzi, sitima inamuvuula. Anayesanso pa 27 Julayi, anagweranso m'madzi Dover akumuona. Injini yosalira zambiri ya munthu wa njinga zamoto ndiyo inafika tsidya. Blériot poyamba anali ndi injini ina ya REP m'ndege imeneyo, ndipo anaichotsa chifukwa sinkapirira. Anzani mwiniwake analipo m'mawa umenewo ponyamuka.

Kadzidzi
Tsiku limodzi silipanga mbiri yonse.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiye tiwerenge masiku ena. Ku Denmark, Jacob Ellehammer ankapanga njinga zamoto zotchedwa Elleham, napanga injini ya masilinda atatu, ndipo mu Seputembala 1906 ananyamuka nayo pansi pachilumba cha Lindholm, ngakhale ndegeyo inali yomangiriridwa ndi waya kumtengo wapakati. Ku England, mu Julayi 1909 womwewo, A. V. Roe anauluka pa madambo a Walthamstow ndi injini ya JAP ya 9 hp yokha, yochokera kwa J. A. Prestwich wa ku Tottenham, amene injini zake zinali m'njinga zamoto zambiri. Roe analibe ndalama. Ndegeyo anaimangira pansi pa mlatho wa sitima, ndipo mapiko ake atatu osanjikizana anawakuta ndi pepala kuti ipepuke. Imeneyo ndiyo ndege yoyamba kuuluka yopangidwa yonse ku Britain, injini ndi zonse. Mayiko anayi, a Kadzidzi: America, France, Denmark, England.

Kadzidzi
Pa chiyambi ndavomera. Koma ikafika 1914 nkhani ili m'manja mwa ena.

Nkhwazi77
Osati yonse. Anzani anapitiriza, anasanja masilinda mozungulira, 3, 6, 10, mpaka 20, ndipo ndege zambiri zophunzitsira zinkagwiritsa ntchito injini zake. Curtiss naye kampani yake inapanga OX-5, ya masilinda 8 ndi 90 hp, imene inali mu JN-4, ndege yotchedwa Jenny, mmene oyendetsa ndege zikwizikwi a ku America anaphunzirira. Kungoti pofika pamenepo anthu amenewa anali atasanduka opanga injini za ndege enieni, njinga zili kumbuyo.

AgogoAkuNtcheu
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mdzukulu wanga anandiuza kuti injini zozungulira zija ankathiramo mafuta a nsatsi. Nsatsi zomwe zimamera kuseri kwa khola?

MayiWaFizikisi
Zomwezo, agogo. M'injini ya Gnome petulo ndi mafuta ofewetsa zinkadutsa malo amodzi, ndipo mafuta a nsatsi sasungunuka msanga m'petulo komanso amapirira moto. Sankabwerera m'thanki, ankatuluka ndi utsi n'kuwaza ndege ndi nkhope ya woyendetsa. Dzina la Castrol linachokera ku dzina la mafuta amenewa m'Chingerezi.

AgogoAkuNtcheu
Amayi anga ankakazinga nsatsi, kusinja, n'kuwiritsa mumphika, mafuta n'kuyandama pamwamba. Tinkadzola. Sindinkadziwa kuti kwina akuulukira.

Mnyamata_wa_Poly
Funso langa ndi ili: ngati 9 hp inanyamula Roe, ndiye kuti injini ya kabaza ya 125 cc, imene ili ndi mphamvu pafupifupi yomweyo, ikhoza kunyamula munthu? Ndakhala ndikuganiza zoyesa.

MayiWaFizikisi
Manambala akufanana koma kagwiridwe ka ntchito n'kosiyana. Injini ya kabaza imapereka mphamvu imeneyo ikamazungulira maulendo 7,000 kapena kuposa pa mphindi. Pulopela yaikulu siifuna liwiro lotero, nsonga zake zimathamanga mopyola n'kungomenya mpweya pachabe. Pafunika chochepetsa liwiro pakati, lamba, tcheni kapena magiya. Abale a Wright anagwiritsa ntchito matcheni. Injini zakale zija zinali zazikulu mimba koma zozungulira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake Anzani anangomanga pulopela mwachindunji. Injini za ndege zing'onozing'ono za masiku ano monga Rotax 912 zili ndi magiya ochepetsa, mitu yake yozizira ndi madzi, masilinda ndi mphepo. Ndipo kumbukira kuti Roe ankangodumpha mitunda ya mamita mazana ochepa.

NamwinoKuLuton
Ku Old Warden komweko kuli kandege kena kotchedwa English Electric Wren, kokhala ndi injini ya njinga yamoto ya ABC ya 398 cc. Amakakoka ndi zingwe zamphira kuti kanyamuke. Pa mpikisano wa ku Lympne, ku England, mu 1923 kandege kamtundu umenewu kanauluka makilomita pafupifupi 140 ndi galoni imodzi ya petulo, malita anayi ndi theka. Pampikisano umenewo lamulo linali lakuti injini isapitirire 750 cc, ndiye ambiri anatenga za njinga zamoto, za Douglas ndi Blackburne.

Kabaza_wa_25
Makilomita 140 pa malita anayi ndi theka ndiye kuti 31 pa lita. Yanga ikakhala bwino imapitirira apo pang'ono. Koma iyo ili kumwamba!

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga wa ku Poly, chidwi chakocho usachitaye, koma mvera ichi. M'zaka za m'ma 1930 Mfalansa wina, Henri Mignet, anakonza kandege kotchedwa Pou-du-Ciel koti munthu aliyense amange kunyumba n'kuikamo injini ya njinga yamoto. Anthu ambiri ku France ndi ku Britain anamanga. Kampani ya njinga ya Scott inapanganso injini ya kandege kameneka. Pofika 1936 anthu angapo anali atafa, ndipo atakayesa m'nyumba yoyeseramo mphepo anapeza kuti vuto linali m'kasanjidwe ka mapiko: kakaweramira pansi mopitirira, sikankadzukanso. Injini zinalibe mlandu. Ndiye injini ndi gawo limodzi chabe. Yamba ndi kandege kakang'ono kopanda munthu, koyendetsa ndi wailesi, uphunzire mapiko. Ndipo chilichonse chonyamula munthu chimafuna chilolezo cha oyang'anira za ndege.

Mnyamata_wa_Poly
Ndamva bambo. Ndiyamba ndi kakang'ono. Pulopela ndisema ndekha.

Chigayo_Mchinji
Ukasema uiyeze pamsomali, mbali zonse zilemere chimodzimodzi. Hamala imodzi ya chigayo ikadyeka kuposa zinzake, nyumba yonse imagwedera ndipo mabering'i satha mwezi.

Sipanala14
Ndabwera kudzathokoza. Usiku ndinamuwerengera mwana uja zonsezi, ndipo lero ataweruka anabwera kugalaja ndi kope. Ndinamupatsa silinda yakale kuti aigwire, ndinamuonetsa zipsepse, ndinamuonetsa valavu ndi sipuling'i yake, iye akujambula. Anzanga aja anasiya ntchito n'kudzazungulira. Mmodzi anatenga masilinda atatu akutha n'kuwasanja pansi ngati zala zitatu zija, tikuyesa kuona mmene makonirodi atatu angakumanirane pa kulankishafuti imodzi. Pamenepo tagwa. A Mphunzitsi, atatuwo ankagwira pini imodzi kapena aliyense yake? Ndipo ngati ndi imodzi, moto unkagwa motalikirana bwanji, poti masilinda onse ali mbali imodzi?

Mphunzitsi_Wopuma
Pini imodzi, a Sipanala, onse atatu. Ndipo poti masilinda anaunjikana m'mwamba m'malo mogawana bwalo lonse, moto sunkagwa motalikirana mofanana. Ndi kudumphadumpha kuja a NamwinoKuLuton anamva ndi makutu awo. Pambuyo pake Anzani anawatambasula ngati chilembo Y, madigiri 120 pakati pa lililonse, ndipo kugunda kunayamba kugwa mofanana. Tengani masilinda anu aja muwasanjenso motero, mwanayo awerenge yekha madigiri.